Masamba amene sitithyola

Ukakwera minibasi ku Limbe yolowera ku Muloza, ukangopitirira pa Bvumbwe maso amayamba kukhuta zobiriwira. Tiyi amakuperekeza mpaka pa boma la Thyolo, amakusiya pang'ono cha ku Luchenza, kenako amakulandiranso m'munsi mwa phiri la Mulanje, wolekeza m'chiuno, mtunda wonse osaona tsinde limodzi lopitirira linzake. Alendo ambiri amayesa kuti tiyi ndi kachitsamba kobadwa kakafupi. Ayi ndithu, tiyi ndi mtengo. Wa mtundu wa Assam, umene uli wochuluka kunoku, ukausiya osaudulira umatha kupitirira mamita 10, n'kuchita maluwa oyera, n'kubala njere. Ufupi umene timauonawu ndi wochita kukakamiza ndi mpeni ndi zala, chaka ndi chaka, chifukwa maluwa ndi njere zake tilibe nazo ntchito. Chimene timafuna ndi tsamba.

Komatu si tsamba lililonse. Lolowa m'dengu ndi lanthete la pamwamba, masamba awiri kapena atatu ndi nsonga yake. Pansi pa amenewa pali masamba ena okhwima, obiriwira modera, olimba, amene sakwera sikelo ndipo ku fakitale sawafuna. Azakhali anga, amene anathyola tiyi kuyambira utsikana wawo mpaka msana unakana, ankatikalipira anafe tikamadutsa m'munda wa agogo uku tikumwetula masamba mwachibwana. Ankati, "Inu ana, a pansiwo musamawakhudze. Amenewo ndi amene akuyamwitsa a pamwambawa." Sanawerengepo buku la sayansi ya zomera, koma pa nkhani iyi akatswiri alibe chowatsutsa. Tiyi amene timamwa amapangidwa ndi masamba amene sathyoledwa.

Tinazolowera kunena kuti mbewu zimadya m'nthaka, ndipo feteleza timamutcha chakudya cha mbewu. Pali kachoonadi pang'ono, koma thupi lenileni la chomera silichokera m'dothi. M'zaka za m'ma 1600, Jan Baptist van Helmont wa ku dziko limene lero ndi Belgium anabzala kamtengo kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mu mphika wa dothi limene anali ataliyanika ndi kuliyeza. Kwa zaka 5 ankangothirira madzi. Atauzula, mtengowo unali utafika pa makilogalamu oposa 70, pamene dothi linali litachepa ndi magalamu pafupifupi 60 okha. Iye anaganiza kuti mtengo wonsewo wapangidwa ndi madzi. Analondola mbali imodzi. Mbali ina inadziwika pambuyo pake, makamaka kuyambira mu 1779 pamene Jan Ingenhousz anasonyeza kuti masamba obiriwira amatulutsa mpweya wabwino pokhapokha akakhala pa kuwala. Chimene chimachitika n'chakuti tsamba limatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi m'mlengalenga, limatenga madzi ochokera ku mizu, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa limapanga shuga, n'kutaya okosijeni amene ife timapuma. Shuga ameneyu ndiye amasanduka phesi, thunthu, mizu, chimanga cha m'nkhokwe, chinangwa cha pansi. Nkhuni youma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni, ndipo kaboni yenseyo analowera pa tsamba. Thumba la makala lotsika m'phiri pa njinga ndi mpweya umene masamba anatola kwa zaka zambiri.

Mukaliyang'anitsitsa tsamba la tiyi lokhwima mudzaona kuti kaumbidwe kake konse n'ka ntchito imeneyi. Ndi lopyapyala ndi lotambasuka kuti kuwala kufike paliponse. Pamwamba ndi posalala, ponyezimira, chifukwa pali kaphula koletsa madzi kuthawa. Pansi pa khungu la pamwambali pandandalika timaselo titalititali todzaza ndi chlorophyll, chinthu chobiriwira chimene chimagwira kuwala, ndipo n'chifukwa chake kumtunda kwa tsamba kumabiriwira modera kuposa kunsi. Kunsiko maselo ndi otayana, ali ndi mipata yoyendamo mpweya. Mitsempha imene timaiona ili ndi njira ziwiri zogundizana: ina yokweza madzi ndi michere ya m'nthaka, ina yotulutsa shuga kupita kumene akufunika. M'tsamba la tiyi, la nkhwani kapena la mango mitsemphayi imachita nthambi n'kulukana, pamene m'tsamba la chimanga, la nzimbe ndi la udzu imayenda mondondozana kuyambira ku phesi mpaka kunsonga.

Ndiyeno pali timabowo. Ndi tating'ono kwambiri moti maso paokha sangatione, koma pa kachigawo kochepa ngati mutu wa machesi timakhalapo mazanamazana. Pa tiyi timapezeka kunsi kwa tsamba kokha. Kabowo kalikonse kali ndi maselo awiri m'mbali mwake, amene akakhuta madzi amapindika kabowo n'kutseguka, akafota kabowo n'kutsekeka. Apa ndi pamene pagona vuto lonse la moyo wa tsamba. Kaboni dayokisaidi ndi wochepa zedi mu mpweya, magawo anayi okha pa magawo 10,000, choncho tsamba liyenera kutsegula timabowo nthawi yaitali kuti litole wokwanira. Koma pakhomo pamene mpweya ukulowera ndi pomweponso madzi akutulukira. Madzi oposa magawo 90 pa 100 alionse amene mizu imamwa amangodutsa m'chomera n'kuuluka kudzera m'masamba. Kuulukako sikungopita pachabe, pakuti ndi kumene kumakoka madzi ena kuchokera pansi ndi kuziziritsa tsamba padzuwa. Koma madzi akachepa, chomera chimayenera kusankha pakati pa kudya ndi kuuma. Chimanga chikapinda masamba masana a ng'amba, chasankha kuyamba chagona ndi njala.

Tibwerere kwa azakhali aja. Tsamba likangotuluka kumene silitha kudzidyetsa. Chlorophyll amakhala asanakwane, timabowo tisanakhwime, ndipo kukula kumafuna shuga wambiri kuposa amene lingapange. Limadalira masamba akuluakulu mpaka litatambasuka ndithu, kenako ndi pamene limayamba kutumiza chakudya kwa ena. Ife pa tiyi timathyola mphukira isanafike pa msinkhu umenewo, isanabweze chilichonse ku mtengo. Tikathyola, timaso timene tinali titagona m'khwapa mwa masamba otsala timadzuka, mphukira zatsopano n'kutuluka, ndipo nazonso zimayamwa kwa masamba okhwima omwe aja. M'nyengo ya mvula wothyola amabwerera pa tsinde lomwelo pakangotha sabata imodzi kapena masiku khumi. Ganizirani mtolo umene masamba a pansiwo asenza.

N'chifukwa chake pa esiteti nkhani ya tebulo sachita nayo masewera. Tebulo ndi msinkhu uja wofanana wa pamwamba pa mitengo, ndipo lamulo ndi lakuti chothyoledwa ndi chimene chapitirira pamenepo basi. Kapitawo amayenda ndi ndodo yaitali, kuigoneka pamwamba kuti aone ngati wina walowetsa dzanja pansi. Pamenepa pamabuka mkangano umene sudzatha. Malipiro a wothyola amayendera makilogalamu, ndipo mphukira yanthete ndi yopepuka. Tsamba lokhwima limalemera. Munthu amene ana akumudikira kunyumba, dengu lisakudzaza, dzuwa likupendeka, mayesero ake ndi odziwikiratu. Ine sindingamuweruze msanga munthu woteroyo, chifukwa amene sanayambe waimirira m'mame kuyambira mbandakucha dengu lili kumsana sadziwa kulemera kwa kilogalamu imodzi ya nsonga. Koma mtengo nawo sumva za sikelo. Ukaulanda masamba okhwima, milungu yotsatira umatulutsa timphukira tofooka, tambiri mwa ito tosiya kukula msanga, timene a m'maesiteti amati banji. Alimi ang'onoang'ono amene ali ndi minda yawoyawo, amene anayamba kulowa mu ulimi wa tiyi boma litakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, amaliona msanga phunziro limeneli, popeza dzanja lothyola ndi thumba lolandira ndalama za mwezi wamawa ndi za munthu mmodzi.

Pakapita zaka zingapo tebulo limakwera kufika poti manja savutikira pabwino, ndiye amadulira. Munda wodulidwa kumene umaoneka womvetsa chisoni, timitengo tokhatokha topanda tsamba. Chimene chimaudzutsa ndi chakudya chimene masamba okhwima anasunga m'mizu. Mphukira zoyamba zikatuluka sazithyola nthawi yomweyo, amayamba azisiya zikule, zikhwime, zipange masamba a pansi atsopano, kenako n'kuzidula nsonga pa msinkhu umodzi. Munda umene unkathyoledwa mwankhanza usanadulidwe umachedwa kudzuka, ndipo mitengo ina imafera pompo.

Nyengo ya kuno nayo imalembedwa pa tsamba. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawaza kuchokera ku Mozambique, minda imakhala yonyowa koma mphukira sizisuntha. Kafukufuku wa ku Mimosa ku Mulanje, kumene kuli bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa limene linakhazikitsidwa mu 1966, anasonyeza kuti kukazizira kufika cha m'ma digiri 12 kapena 13 mphukira ya tiyi imaleka kutalika. Mu Okutobala kumatentha bwino, koma mpweya umakhala wouma kwambiri moti ngakhale munda wothiriridwa subereka monga m'dzinja, chifukwa tsamba limamva kuuma kwa mpweya wolizungulira, osati kwa nthaka yokha. Ndiye mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, timaso tonse timene tinkadikira timadzukira pamodzi. Gawo lalikulu la tiyi wa chaka chonse limathyoledwa m'miyezi yochepa ya mvulayi. Ndiyo nthawi imene mafakitale amagwira usana ndi usiku, maesiteti amalemba anthu aganyu ambirimbiri, ndipo ikatha ntchito nayo imatha. Umphawi wa m'miyezi yozizira m'midzi yozungulira maesiteti uli ndi zifukwa zambiri, ndipo chimodzi mwa izo ndi khalidwe la kamphukira kameneka.

Zomera zina zinapeza njira zawo zothana ndi ludzu. Chinanazi, chimene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu pa Mulanje, chimatseka timabowo masana n'kutsegula usiku kukazizira, kusunga mpweyawo m'tsamba mpaka dzuwa litatuluka. Mkungudza wa pamwamba pa phiri, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ukakula masamba ake amasanduka timamba tating'ono tomatirira ku nthambi, tosapatsa mphepo mpata wotiumitsa.

Tsamba limanenanso zimene zikusowa m'nthaka, kwa amene amadziwa kuliwerenga. Tiyi anafika ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anabzala mbewu zochokera ku mitengo ya ku mishoni ya Blantyre. Patapita zaka, minda yambiri inayamba kudwala nthenda yodabwitsa: masamba atsopano ankatuluka achikasu, ang'onoang'ono, nthambi n'kumauma kuyambira kunsonga. Anthu ankaganizira tizilombo. Mu 1933 akatswiri awiri, Storey ndi Leach, anasindikiza zimene anapeza, kuti nthendayo sinali ya kachilombo koma kusowa kwa salufa m'nthaka, ndipo feteleza wokhala ndi salufa anaichiza. Aliyense amene anagulapo thumba la chitowe lolembedwa 23:21:0+4S anaona chilembo cha S chija. Ndi salufa yemweyo. Chimene chimandisangalatsa ine ndi kusiyana kwa chikasu ndi chikasu chinzake. Nayitirojeni akasowa, chimanga chimayamba kuchita chikasu masamba a pansi, kuyambira kunsonga kutsata msempha wa pakati, chifukwa chomera chimatha kusamutsa nayitirojeni m'masamba akale kupititsa kwa atsopano. Salufa sasamuka mosavuta chotero, ndiye akasowa ovutika ndi masamba a pamwamba. Mlimi amene amangoti "chimanga chafuna yureya" nthawi iliyonse akaona chikasu akhoza kutaya ndalama pa mankhwala a nthenda ina.

Kusamutsa kumeneku ndi kumene kumachitikanso tsamba likamakalamba. Chomera sichitaya tsamba ndi chuma chake chonse. Chimayamba chaphwanya chlorophyll, kubweza michere yambiri ku nthambi, mtundu wachikasu umene unabisika n'kuonekera, kenako tsamba n'kuthothoka pamalo pamene chomera chakonzeratu. Zotsalazo zimapita ku nthaka. Minda ya nandolo ya ku Thyolo ndi Mulanje imadziwika bwino pa zimenezi: masamba ake akayoyoka m'chilimwe amasiya chonde chimene chimanga cha chaka chotsatira chimadyerera. Amene amasesa ndi kutentha masamba amenewa pososa amandipweteketsa mutu.

Popeza tsamba lanthete ndi lofewa ndiponso lodzaza ndi zakudya, chilichonse chimalifuna: mbozi, nsabwe, mbuzi, ngakhale kachilombo kooneka ngati udzudzu kotchedwa Helopeltis kamene kamaboola mphukira za tiyi n'kusiya madontho akuda. Tsamba silingathawe, ndiye limadziteteza ndi mankhwala. Kafini amene amatichotsa tulo ndi chida cha tiyi cholimbana ndi tizilombo, ndipo amachuluka kwambiri mu nsonga ndi tsamba loyamba, kumene chitetezo chikufunika koposa. Momwemonso ndi mankhwala ena owawira amene amamanga m'kamwa. Ndiye kuti pofuna masamba awiri ndi nsonga, fakitale ikufuna malo amene mtengo unaunjika zida zake.

Zimene zimachitika m'fakitale ndi kugwiritsa ntchito zida zomwezo. Masamba akafika amawayala m'zimikhate zazitali, mphepo ikuwomba pansi pake usiku wonse kuti afote. Kenako makina amawadula ndi kuwanyenya. M'tsamba lamoyo, mankhwala owawira aja amakhala m'chipinda chawo, ndipo chinthu chowasintha mtundu chimakhala m'chipinda china. Maselo akaphwanyika ziwirizi zimakumana pamaso pa okosijeni, zobiriwira zija n'kuyamba kufiira, fungo lija limene limamveka ukamadutsa pafupi ndi fakitale n'kutuluka. Pakatha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono amaumitsa ndi mpweya wotentha kuti kusinthako kuime. Makilogalamu anayi ndi theka a masamba aawisi amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, amene wambiri amapita kunja, wina kudzera ku okushoni ya ku Limbe. Ogula amamukonda tiyi wa kuno chifukwa cha kufiira kwake m'kapu. Tiyi wobiriwira, ngati amene amapanga ku Satemwa ku Thyolo, amachokera ku mtengo womwewo, kungoti masamba amawatenthetsa msanga kusinthako kusanayambe.

Amayi akamasinja chigwada mu mtondo amachita zofanana ndi makina a m'fakitale, ngakhale cholinga n'chosiyana. Tsamba la chinangwa lili ndi poizoni wa cyanide womangidwa, ndipo chomumasula chimakhala padera m'maselo. Kusinja kumazisakaniza, poizoni n'kumasuka, kuwiritsa n'kumuulutsa. Chigwada chosinjidwa mwaulesi ndi kuphikidwa mothamanga si ndiwo yoti n'kupatsa ana. Mwambo wosinja mpaka chisalale unakhazikika kalekale anthu asanamve dzina la poizoniyo.

Ndiwo zamasamba zonse zimatsata lamulo la azakhali lija. Wothyola nkhwani wodziwa amatenga masamba anthete apa ndi apo, sakhudza nsonga zonse za mpanda umodzi, ndipo amasiya masamba oyandikana ndi dzungu limene layamba kukula. Khwanya akathyoledwa mopitirira, nyemba zimachepa. Kholowa chimodzimodzi, ukakonda ndiwo kwambiri ukakumba timbatata tonga zala. Pa chimanga, masamba ofunika kwambiri podzaza njere ndi la pachisononkho ndi a pamwamba pake, choncho wosadzula masamba odyetsa ziweto chimanga chisanakhwime akudula nsima yake yomwe. Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinavuta kwambiri kuyambira cha mu 2017, zimapweteka chifukwa zimalowa mu mtima mwenimweni mwa chimanga, kudya masamba asanatambasuke. Ndipo a ku Thyolo sangaiwale chisaka, nthenda ya nthochi ija. Kachilombo kake, kofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndiponso ana a nthochi odwala, kamachititsa kuti masamba atsopano azituluka afupiafupi, opapatiza, oimirira mothithikana pamwamba. Tsinde lotero silibereka mkoko wooneka. Boma la Thyolo limene linkadzaza malole a nthochi opita ku Blantyre linafika pomagula nthochi zochokera kunja, nkhani yake itayambira pa masamba okanika kutambasuka.

Kumene ndinaona mphamvu ya tsamba lokhwima poyera ndi ku nazale ya tiyi. Masiku ano tiyi wambiri sabzala njere. Mitundu yosankhidwa, monga SFS 150 ndi PC 108 imene akatswiri a kuno anatulutsa, amaichulukitsa podula nthambi, kuti mtengo uliwonse ufanane ndendende ndi kholo lake pa kupirira chilala ndi ubwino wa tsamba. Mitengo ya makolo amaisiya osaithyola kuti itulutse nthambi zazitali. Nthambi iliyonse amaidula tizidutswa, kachidutswa kalikonse kotalika ngati chala, kokhala ndi tsamba limodzi lokhwima ndi kadiso kamodzi m'khwapa mwake. Kunsonga kofewa kwambiri amataya, kutsinde kouma kwambiri amatayanso. Amazika kachidutswako m'chubu cha dothi mopendeketsa pang'ono kuti tsamba lisagone pa dothi n'kuola, amathirira, amaphimba ndi pulasitiki kuti mpweya ukhale wachinyezi, pamwamba n'kuika mthunzi. Kamtengoko kalibe muzu ngakhale umodzi, ndiye kakangokhala pa mphepo youma tsamba limataya madzi amene kalibe pobwezera. Likakhalanso mu mdima wandiweyani silipanga shuga. Ntchito yonse ya wosamala nazale ndi kusunga tsamba limodzilo lamoyo kwa milungu ingapo, mpaka pachilonda cha pansi patatupa n'kutuluka mizu. Tsamba likathothoka msanga, chubucho amachichotsa pa mzere. Zimene zagwira amazizoloweza dzuwa pang'onopang'ono, kuchotsa pulasitiki, kuchepetsa mthunzi, ndipo zimakhala mu nazale chaka chathunthu kapena kupitirira zisanapite kumunda. Kumundako zimafuna zaka zina zitatu kapena zinayi za kudulira ndi kuumba tebulo, dengu lisanayambe kudzaza.